Chingwe cha Pulinta ya Donata

Mkazi mnzako wamoyo ali bwino, chifukwa tsiku lina adzapsereza ndiwo, mwamuna n'kuona kuti nayenso ndi munthu. Koma wa kumanda sapsereza kanthu, sakalamba, salalata, ndipo sungapite kukamuyankha. Felesiya anazidziwa zimenezi mochedwa, atalowa kale m'nyumba ya Gidiyoni Kamphulusa pa Kamwendo paja. Senderani kuno mumve bwino, ndipo musaganize kuti zoopsa zonse zimadikira mdima, chifukwa za mayi ameneyu zinamupeza dzuwa lili paliwombo.

Gidiyoni anali ndi kashopu m'mbali mwa msewu, momwe ankajambula zithunzi za ziphaso ndi kupanga mafotokope. Kale ankatayipamonso makalata, ndipo ntchito imeneyo inali ya mkazi wake woyamba, Donata, amene anthu onse ankangomutchula kuti Anachisale. Donata anadwala miyezi ingapo n'kumwalira. Patapita zaka ziwiri Gidiyoni anakatenga Felesiya ku Balaka, kutali ndi anthu omudziwa, chinkhoswe n'kuchitikira komweko mwakachetechete.

Felesiya anafika ndi satifiketi yake ya kutayipa, akudziuza kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Anapeza kuti kalumoko palibe akukafuna. Anthu akamalozerana njira ankati, "ukafike kwa Anachisale," iye ataima pakhomo pomwepo ndi tsache m'manja. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anabwera kudzapanga fotokope, namuuza mosaganiza kuti malemu aja ankatayipa osayang'ana zala, uku akucheza nawe nkhani za mpira. Amayi a kumpingo nawo ankamufotokozera mmene malemu ankasekera, mmene ankaimbira, ngati kuti iye wawafunsa. Felesiya ankamwetulira monga mwa ulemu, koma m'kati mtima ukuwira. Anali ndi nsanje, tisabisane, nsanje ija yoti ikakugwira chakudya sichitsika pakhosi.

Pakona ya shopuyo panali tebulo la Donata. Panali kompyuta yakale ya chimutu chachikulu, mpando wa nsungwi wokhala ndi kapilo, ndi pulinta yaikulu yotuwa, ya mtundu uja umalira ngati nyenje ukamamenya pepala. Gidiyoni ankaipukuta fumbi m'mawa uliwonse ndi kansalu kakekake, modekha, kuposa mmene ankagwirira dzanja la mkazi wake wamoyo. Madzulo Felesiya ankatsogola kupita kunyumba kukaphika, mwamunayo n'kutsala akutseka, ndipo ankachedwa kutsekako ngati shopuyo ili ndi zitseko khumi. Kompyutayo analola kuti Felesiya aziyatsa, koma za pulinta ankati n'zosatheka, chingwe chake chinasowa m'chipwirikiti cha maliro.

Patatha miyezi isanu ndi itatu, Felesiya anakakamira kuti ukwati wawo ukadalitsidwe kutchalitchi. Ankafuna kuti anthu a pa Kamwendo amuone atavala zoyera pambali pa mwamunayo, aleke kumuyesa wantchito wa Anachisale. Gidiyoni anavomera mokoka miyendo, tsiku n'kuikidwa. Makalata oitanira anthu akanatha kukawasindikiza ku boma, ndipo Gidiyoni ananena zomwezo kawiri konse. Koma Felesiya anali atapangana kale ndi nsanje yake. Ankafuna kuti pulinta ya Donata yomweyo ndiyo ilembe dzina lake pansi pa la Gidiyoni, ilavule mapepala makumi asanu, mwini wakeyo amve kulira kwake komwe aliko. Anatayipa kalatayo pa kompyuta ya malemu, atakhala pa mpando wa malemu mwadala, n'kudina kuti isindikizidwe. Kalatayo inangokhala m'katimo kudikira chingwe.

Chingwecho anachipeza Loweruka lina akufunafuna tayi ya mwamuna wake m'sutikesi. Pansi pa malaya panali duku lobiriwira, lokulungidwa bwinobwino, ndipo m'kati mwake munali chingwe chotuwa, chonenepa ngati chala chachikulu, cha mitu iwiri yosiyana. Dukulo linali likununkhirabe mafuta odzola a fungo la ndimu, amene iye sanadzolepo chibadwire. Anakhala pabedi kwa nthawi, chingwecho chili pamiyendo. Amuna ena amasunga chithunzi, ena mphete, koma wakeyu ankasunga chingwe cha makina atachifunditsa ngati khanda.

Gidiyoni atalowa, Felesiya anangochinyamula m'mwamba.

"Bambo, ichi si chija chinasowa pamaliro?"

Mwamunayo anayang'ana duku, osati mkazi wake. "Bwezera momwe wachipeza, Felesiya. Pulinta ija inafa."

"Inafa, ndiye mumaipukutiranji tsiku ndi tsiku? Kapena m'banja muno zakufa ndi zimene zimasamalidwa?"

Gidiyoni anatenga dukulo, nalipinda kanayi, n'kuliika m'thumba la malaya. Chingwe anamusiyira.

Lolemba m'mawa, mwamuna wake atapita kukajambula kusukulu ina, Felesiya anagwada kuseri kwa tebulo. Mutu wina wa chingwecho unakana kulowa. Anautembenuza, anaukankha, anautukwana chamumtima, osatheka. Pomaliza anaitana Zefaniya, bambo wokonza mawailesi amene ankakhala pakhonde la sitolo ya mbewu, munthu wokonda kuphunzitsa ngakhale usanamufunse. Zefaniya anavala magalasi ake omangidwa ndi waya, n'kuyang'ana m'kamwa mwa mutu waung'ono uja. Munali timano ta chitsulo makumi awiri ndi tisanu m'mizere iwiri, ndipo titatu tinali titagona chammbali.

"Alamu, ichi sanachichotse ayi," anatero. "Anachizula. Munthu wake anali pachangu, kapena anali atakwiya."

Anawongola timanoto kamodzikamodzi ndi nsonga ya singano, uku akumulangiza. Anati choyamba uzimitse zonse ziwiri, kompyuta ndi pulinta yomwe, chifukwa kulumikiza zili moyaka n'kuziputa dala. Mutu wa timano umapita kumbuyo kwa kompyuta, pakhomo lalitali la timabowo, ndipo umalowa mbali imodzi yokha popeza kumtunda n'kotambalala, kunsi n'kopanikiza. Ukakana, usaukakamize, utembenuze. Ukalowa, umange timasikuluwu tiwiri ta m'mbali ndi zala, osati ndi pulayala. Mutu waukulu uja, wopanda timano, umapita ku pulinta, ndipo kumeneko kuli tiwaya tiwiri tokhota timene umatikankhira m'kati mpaka tilire kuti kwe, kwe. Anachita zonsezo pamaso pake, tiwaya tija n'kuliradi, ndipo Felesiya anamva kukoma ngati wapambana mlandu.

Zefaniya atangotambasula dzanja kuti ayatse, magetsi anazima. Pa Kamwendo imeneyo si nkhani. Chigayo cha kutsidya kwa msewu chinaleka kulira, wailesi ya m'sitolo inati zii, Zefaniya n'kuseka, nati magetsi akayaka mudzangodina apa ndi apa, basi wapita. Felesiya anatsala yekha. Ndipo apo m'pamene anaona kuti kagetsi kobiriwira ka pa pulinta kakuyaka. Anayang'ana pakhoma, switchi inali yozimitsidwa monga anaisiyira. Kagetsiko kanayaka choncho kwa nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi, kenako kanaphethira kawiri n'kuzima. Anadziuza kuti mwina ndi moto wotsalira m'mawaya, koma anatuluka kukakhala panja mpaka mwamuna wake atabwera.

Magetsi sanayake tsiku lonselo. M'mawa mwake Felesiya anafika pa shopu n'kupeza chingwe chili pansi kuseri kwa tebulo, chitakulungidwa mwaudongo, timasikuluwu titamasulidwa, tiwaya titatsegulidwa. Atafunsa, Gidiyoni anati mwina ndi makoswe, ali kalikiliki kupukuta galasi la makina a fotokope. Felesiya anayankha kuti khoswe wodziwa kumasula sikuluwu iye sanamuonepo, ngakhale ku Balaka kumene makoswe ake ndi ochenjera. Koma mumtima anali atamudziwa kale mwini ntchitoyo. Anati ndi yemwe uja, sakufuna kuti dzina langa lituluke m'makina ake.

Anadikira kuti mwamunayo achoke, n'kulumikizanso monga anaphunzirira. Anazimitsa zonse, analowetsa, anamanga, tiwaya kwe, kwe. Anaika pepala, nayatsa. Pulinta inadzuka ndi kubuula, kamutu kake kanathamanga uku ndi uku, kenako kanayamba kumenya pepala. Felesiya anaimirira ndi chimwemwe, koma pepalalo linkatuluka loyera. Atasuzumira m'kati anaona kuti riboni, kansalu kakuda kaja kamene kamapereka inki, mulibe, chonsecho dzulo lake anakaona ndi maso ake Zefaniya akukagwira.

Chimene chinamuchititsa tsemwe sichinali riboni. Kalata yake yoitanira anthu inali ya mawu ochepa, oikidwa pakati pa pepala. Koma kamutu kaja kankayenda kuchokera kumphepete mpaka kumphepete, mzere wodzaza, wina wodzaza, winanso, ngati munthu amene ali ndi zambiri zoti anene. Imeneyo sinali kalata yake. Anathamangira pakhoma n'kuzimitsa. Anasolola pepalalo, napita nalo pakhomo, nalipendeketsa padzuwa. Munali timikwingwirima ta zilembo zopanda inki, ndipo pa zonsezo anatha kuwerenga mawu awiri okha a pamwamba: "Kwa amalume."

Atabwerera m'kati anafuna kukhala pansi. Kapilo ka pampando wa nsungwi kanali kofunda, ndipo pakati pake panali pobooka ngati munthu wangodzukapo. Iye anali asanakhalepo m'mawa wonsewo. M'chipindamo munkamveka fungo la ndimu, losachuluka, longokwanira kuti usadzinamize.

Pakhonde la shopuyo pankasokera mayi wina wachikulire, a Nagama, amene anakhalapo chiyambire Donata ali moyo. Ataona nkhope ya Felesiya, anaimitsa makina awo n'kumuitana kuti akhale pa benchi. Felesiya sanawauze za mpando, anangoti makina akuvuta. A Nagama anadula ulusi ndi mano, nayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu.

"Mwanawe, ndikufunse, usandikwiyire. Kodi amuna akowa anawasudzula?"

Inu mukudziwa mwambo wake. Mkazi akamwalira, mwamuna sangodzuka n'kukakwatira. Abale a malemu amamuitana maliro akazizira, namuuza pamaso pa anthu kuti wamasuka, apite akayambe moyo wina. Popanda zimenezo, adakali mwamuna wa malemuyo, ngakhale atakwatira akazi atatu. Felesiya anati ku Balaka ankhoswe ake anauzidwa kuti zonse zinalongosoka. A Nagama anapukusa mutu. Anati iwo ndi a Chimutu, amalume ake a Donata, amapemphera mpingo umodzi, ndipo mwambo wotero ukanachitika akanaitanidwa ndithu. Sanamvepo.

Safunsa anadya phula. Miyezi yonseyi Felesiya wakhala akuphikira, kuchapira ndi kuyalira mwamuna wa munthu wina, ndipo pa Kamwendo ponse ankadziwa kupatula iye. Madzulo ake anafunsa Gidiyoni asanavule n'komwe nsapato. Mwamunayo anayang'ana pansi, nati akuchikazi ndiwo akuchedwetsa, anthu ake ndi ovuta, koma zikonzeka tsiku la ukwati lisanafike. Felesiya anakhulupirira, chifukwa zinkagwirizana ndi zomwe ankafuna kukhulupirira. Anaona chithunzi chonse: mkazi wa kumanda wagwira mwamuna mwendo, abale ake akumuthandiza, ndipo tsopano akulembera amalume ake kalata yodandaula kuti m'nyumba mwake mwalowa mlendo. Anamuda Donata tsiku limenelo kuposa masiku onse, munthu woti sanamuonepo ngakhale kamodzi.

Lachinayi analawirira kupita ku boma kukafuna riboni. Anayenda masitolo anayi asanaipeze, kwa mmwenye wina amene anachita kuipukuta fumbi. Pobwerera minibasi inaphulika tayala patatsala mtunda pang'ono kufika pa Kamwendo, ndipo iye, posafuna kudikira, anauyamba wapansi. Inali nthawi ya nkhomaliro, mwezi wa Okutobala, msewu uli phee, phula likuchita ngati madzi chapatali. Ngakhale mbuzi zinali zitabisala pansi pa mitengo.

Sanaone kumene anachokera mayi wina amene anamupeza pamsewupo. Anangozindikira kuti pambali pake pakuyenda munthu, atafunda ambulera yakuda yoweramitsidwa mbali ya iye, moti ankangoona chitenje ndi dzanja logwira mpini. Felesiya anapereka moni, mayiyo n'kuyankha ndi mawu otsika, aulemu. Anayenda limodzi pang'ono. Felesiya ankamva mapazi ake okha akulira pamiyala.

"Kodi kalata ija yatuluka?" anafunsa mayiyo.

"Kalata iti, mayi?"

"Yadikira nthawi yaitali. Riboniyo muikoke pang'ono ndi kachitsulo ka pambali musanatseke, ikakhala yolendewera imadya mawu."

Riboni inali m'chikwama, chikwama chili chotseka. Felesiya anayang'ana dzanja lija. Nsonga za zala zake zinali zakuda mofiirira, ngati za munthu amene wakhala akugwira inki zaka zambiri. Lole ya fodya inadutsa ndi chimphepo, iye n'kutseka maso chifukwa cha fumbi, ndipo atawatsegula anali yekha pamsewu, kumanzere munda wopanda kanthu, kumanja chimodzimodzi. Sanathamange. Mantha anali nawo, koma mkwiyo unawaposa. Anati mumtima, wafika mpaka pondiphunzitsa ntchito pamsewu, ngati ine sindinapite kusukulu.

Anapeza shopu ili yokhoma, Gidiyoni atapita kukajambula ku msonkhano wa alimi, a Nagama nawo atapita kukadya. Anatsegula, nalunjika pa pulinta, naika riboni. Anaikokadi ndi kachitsulo kaja, akudzida yekha chifukwa chomvera. Kenako anagwada kuseri kwa tebulo kuti aone chingwe.

Chingwe panalibe. Anayang'ana pansi, m'madirowa, m'katoni ya mapepala, kuseri kwa nsalu yojambulira zithunzi, mpaka m'chidebe cha zinyalala. Kumbuyo kwa kompyuta kunali khomo lija lili yasa, timabowo tili mbee. Apa mphamvu zinamuthera. Anaima pakati pa chipinda n'kulankhula mokweza, kuyang'ana mpando wa nsungwi.

"Mwapambana, Anachisale. Mtengeni mwamuna wanuyo. Munafa, komabe simukhuta."

Anatuluka, nakoka chitseko, n'kukhala pa benchi ya a Nagama akulira mopanda mawu, kuopa kuti a m'sitolo ya mbewu angamve.

Sindikudziwa kuti anakhala nthawi yaitali bwanji. Choyamba anamva kudenga kukuchita tswa, ngati chinthu chikukwekwereka pa mtanda. Kenako chinagwa pansi mofewa. Kunakhala chete. Ndiye kunamveka kulira kwakung'ono kwa sikuluwu ikamamangidwa, pang'onopang'ono, ina itatha inayamba inzake. Felesiya anagwira benchi ndi manja onse awiri. Khomo la shopuyo linali limodzi, ndipo iye anali atalitsamira.

Kwe. Kwe.

Pulinta inabuula, n'kuyamba kulira kulira kwake kwa nyenje kuja.

Anthu amati akanathawa, koma munthu wansanje sathawa kalata ya mkazi mnzake. Anakankha chitseko. M'chipindamo munalibe munthu. Mpando wa nsungwi, umene iye anausiya pakati, unali utakokeredwa patebulo. Chingwe chinali m'malo mwake, mitu yonse iwiri yomangidwa bwino, chili ndi mwaye ndi ulusi wa akangaude a kudenga. Fungo la ndimu linali ponseponse. Pepala linkakwera mzere ndi mzere, zilembo zakuda bii za riboni yatsopano, ndipo litafika kumapeto linagwera patebulo lili lofunda. Pamwamba pake panali deti ya zaka zitatu zapitazo.

"Kwa amalume a Chimutu,

Ndikulemba ndidakali ndi mphamvu m'zala. Ine ndikuona kuti sindichira, ndipo musandinamize. Ndikapita, musachedwe kumusudzula Gidiyoni. Sadzapempha yekha, ndikumudziwa, ndipo mukamuitana adzazemba. Mumukakamize. Ndi munthu wosatha kukhala yekha, amaiwala ndi kudya komwe. Akadzapeza mkazi, mumulandire bwino mwana wa eniakeyo, musamuonetse nkhope. Mpando wanga ndi makinawa zidzakhale zake. Ine sindidzafunanso kanthu.

Ndine mwana wanu, Donata."

Felesiya anawerenga kawiri. Mukuganiza kuti mtima unamutsika? Ayi, unamuwawa kuposa kale. Mpando umene ankaukhalira mwachipongwe, mwini wake anali atamupatsa kale asanamudziwe n'komwe dzina. Miyezi yonseyi ankamenyana ndi munthu amene anali atatula manja, amene ankachita kuvutika kuchoka komwe ali kuti amumasulire mwamuna. Pa kutayipa anamuposa, pa kuseka anamuposa, ndipo tsopano ngakhale pa kukoma mtima wamuposanso. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anali osakanikirana ndi nsanje yomwe ija, moti sakanatha kuzilekanitsa.

Adakali chiimire, Gidiyoni analowa kamera ili pakhosi. Anaona mkazi wake, anaona pepala, kenako anaona chingwe. Nkhope yake inatuwa.

"Chimenechi ndinachiponya kudenga m'mawa uno," ananena motsitsa, ngati akudziuza yekha.

Felesiya anamva mawuwo akulowa pang'onopang'ono. Anatambasula dzanja kumupatsa kalatayo, koma mwamunayo sanailandire. Anati akuidziwa. Anati anaiwerenga pagalasi la kompyuta tsiku lomwe Donata anailemba. Mkaziyo anali atangodina kuti isindikizidwe pamene chizungulire chinamugwira, a Nagama n'kumutulutsa panja kuti apume, ndipo iye anawerama n'kuzula chingwe pulinta isanakoke pepala. Donata sanabwererenso pa shopu. Kuifufuta kalatayo sakanatha, popeza anali mawu ake omaliza, ndipo kuilola kuti ituluke sakanathanso. Riboni anaichotsa ndi iyeyo. Timasikuluwu ankamasula ndi iyeyo, madzulo akamatseka.

"Nanga akuchikazi aja mumati ndi ovuta?" anafunsa Felesiya.

"Anandiitana katatu. Sindinapite."

"Chifukwa chiyani, bambo?"

"Akandisudzula ndiye kuti wapitadi."

Panja njinga inadutsa ikuliza belu.

"Ndiye ine m'nyumba mwanu muja ndine ndani?"

Pawiri pawiri sipauzirika, ndipo Gidiyoni anali atasankha kale moto woti auzire, kungoti moto wakewo unali phulusa.

Pamenepo pulinta inakoka pepala lina yokha. Palibe anaigwira. Kamutu kaja kanayamba kuyenda pakati pa pepala, mawu ochepa, otalikirana, ndipo Felesiya anazindikira kalata yake yoitanira anthu ku ukwati. Inatuluka yokongola, yopanda banga, dzina la Gidiyoni pamwamba, la Felesiya pansi pake, zilembo zonse zokwanira. Inatuluka yachiwiri, yachitatu, yachinayi, zikugwera patebulo mwadongosolo ngati pali dzanja likuzisanja. Zimene anazilakalaka masabata onse aja zinali kuchitika pamaso pake, makina a Donata akulemba dzina lake mosanyinyirika.

Gidiyoni anavula kamera n'kuiika pansi. Anagwada pambali pa tebulo, nalowetsa dzanja kumbuyo kwa kompyuta osayang'anako n'komwe, ngati munthu wozolowera njira. Felesiya anaona phewa lake likugwedezeka pang'ono pamene zala zinkapotokola sikuluwu yoyamba, kenako yachiwiri. Sanazule ngati kale, anachotsa mwaulemu. Pulinta inalirabe mizere iwiri, n'kuima. Pepala lachisanu linatsala m'kamwa mwa makina litalembedwa kuti "Gidiyoni Kamphulusa," pansi pake "ndi," kunsi konseko kuli koyera.

Mpando wa nsungwi unalira pang'ono, monga umachitira munthu akamadzukapo atatopa. Fungo la ndimu linayamba kuchepa mpaka linatheratu, m'chipindamo n'kutsala fungo la fumbi ndi inki. Gidiyoni anali chigwadire, atakumbatira chingwe chija pachifuwa, akununkhiza m'mwamba ngati mwana wotayika pamsika.

Felesiya sanakuwe, sanaswe kanthu. Makalata oitanira anthu aja anawasiya pomwepo. Anatenga kalata ya Donata yokha, naipinda bwino, n'kuiika m'chikwama. Potuluka anakumana ndi a Nagama akubwera kuchokera kokadya, nawapempha kuti katundu wake adzamutumizire pa basi. Anaima pasiteji dzuwa lidakali lotentha, ndipo minibasi yoyamba yopita ku Lilongwe inamutenga, kuti akakwere ya kwawo ku Balaka.

Ine yanga ndatula pamenepa, otsala nayo ndinu. Kalatayo Felesiya akuisungabe ku Balaka, chifukwa mwa anthu awiri a m'nyumba ija, amene anamuganizirapo iye anali wakufayo, ndipo zimenezo mpaka lero sanamukhululukire.